Nkhwangwa yanga yang'aluka nditangoiviika m'madzi, ndalakwitsa pati?

Wowotcherera_ShediYaKuseri

Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi funso landisowetsa mtendere kuyambira Loweruka. Ine ntchito yanga yeniyeni ndi yowotcherera mageti ndi mawindo koma chaka chino ndayamba kuphunzira kusula poti anthu akumabwera pa shedi kudzafunsa nkhwangwa ndi mipeni makamaka nyengo ino yososa m'minda. Ndinapanga kachipala kuseri, limu ya galimoto, makala ndi kafani kopemerera basi.

Ndiye ndinagula sipiring'i yakale ya lole kwa ogulitsa sikirapu, ndinadula zidutswa ziwiri nkusula nkhwangwa ziwiri, zinaoneka bwino ndithu. Pomaliza ndinaotcha yoyamba mpaka kufika chikasu chowala kenako nkuiponya mu ndowa ya madzi a pa mjigo. Madzi atasiya kuwira ndinangomva kuti thi! kamawu kakang'ono ngati wagunda botolo ndi supuni. Kutulutsa, mng'alu wayambira kokuthwa mpaka pakati. Yachiwiri siinang'aluke ndiye ndinasangalala, tupa imangoterera osadya olo pang'ono, ndinaiika mpini, koma nditangotema chipika cha bulugamu kawiri inabenthuka chidutswa chachikulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Pobenthukapo mkati mwake mukuoneka timibulu tonyezimira ngati shuga wa bulauni uja.

Chondizunguza mutu kwambiri ndi ichi, tsiku lomwelo ndinasula mpeni ndi fulati ba yotsala pa geti, ndinauotcha chimodzimodzi, madzi omwewo, koma uwu sunasinthe chilichonse, tupa ikudya ngati kale ndipo ukupindika ndi manja. Moto umodzi, ndowa imodzi, china chasanduka galasi china chili phee. Kodi mkati mwa chitsulomu mumachitika chani chikazizira mwadzidzidzi? Sindikufuna kungouzidwa kuti panga chonchi, ndikufuna ndimvetse chifukwa chake poti sipiring'iyo ndinagula ndi ndalama ndipo yatsala pang'ono.

MdalaWaChipala

Mwana wanga pepa, koma usataye mtima, aliyense wosula anamvapo kulira kumeneko. Zolakwika ndikuona zitatu.

Moto unachulukitsa. Chikasu ndi cha posula, osati poviika. Poviika sitifuna chikasu ayi, timafuna kufiira ngati khala lomwe langoyaka bwino, ndipo usamayese masana padzuwa chifukwa dzuwa limanamiza maso, chitsulo chimaoneka chakuda chili chotentha kale kwambiri. Ine ndimadikira madzulo kapena ndimalowa pamthunzi wabii. Tenga maginito a sipika yakutha uwamangirire ku waya, uzigunditsa. Akangosiya kukakamira ubwezere pamoto pang'ono pokha kenako viika. Shuga ukumuona mkatimo ndiye umboni woti unapsereza.

Chachiwiri sipiring'i siifuna madzi, imafuna oyilo.

Chachitatu ndiye chachikulu, sunabweze moto. Chitsulo chongochoka moviikamo sichinathe, chili ndi ukali. Umayenera kupala pang'ono ndi sandipepa kuti payere, nkuchiyandikizanso ku makala kumbali ya kumpini uku ukuyang'anitsitsa, uona mitundu ikuyenda kulowera kokuthwa, poyamba ngati udzu wouma, kenako bulauni, kenako pepo, kenako buluu. Mpeni timaimira pa udzu wouma, nkhwangwa bulauni wolowera ku pepo. Ikafika buluu kokuthwako ndiye kuti yafewa kwambiri, izibuntha msanga. Za mkatimo akufotokozere ophunzira, ine ndimadziwira maso ndi khutu.

Mjiniya_Mechanical

Madala anena zoona zokhazokha, ine ndingoonjezera za mkatizo poti ndi zomwe achimwene mwafunsa. Ndilemba zambiri pang'ono mupirire.

Chitsulo chomwe timagwiritsa ntchito ndi iron yosakaniza ndi carbon pang'ono kwambiri, ndipo nkhani yonseyi yagona pa kacarbon kameneka. Fulati ba yanu ya geti ndi mild steel, carbon wake amakhala cha m'ma 0.15 mpaka 0.25 peresenti. Masipiring'i ambiri a galimoto amakhala cha m'ma 0.6 peresenti, ndiye kuti pa kilogalamu imodzi carbon ndi magalamu 6 okha, kuphatikizapo chromium ndi manganese pang'ono, mitundu yake yodziwika ndi monga 5160 kapena SUP9 ya ku Japan. Tupa yomwe mukuyesera ija imafika 1 peresenti kapena kuposerapo. Kusiyana kukuoneka kochepa koma ndi komwe kwapangitsa mpeni wanu kukhala phee nkhwangwa nkusweka.

Ma atomu a iron sakhala mwachisawawa, amandandalikana mwadongosolo ngati njerwa. Chitsulo chikakhala chozizira dongosolo lake limatchedwa ferrite, ndipo mipata yapakati pa ma atomu ndi yothina moti carbon yemwe angakhalemo sapitirira 0.02 peresenti. Wotsala yense amakagwirana ndi iron nkupanga cementite, chinthu chouma kwambiri, ndipo ziwirizi zimayalana mosinthanasinthana timizere topyapyala, kofewa kouma kofewa kouma, zomwe timati pearlite. Umu ndi mmene chitsulo chimakhalira chikazizira pachokha pang'onopang'ono.

Mukachiotcha kudutsa madigiri 727 ma atomu aja amayamba kusintha kayalidwe, chitsulo chisanasungunuke nkomwe, chikadali cholimba m'manja mwa mbaniro. Dongosolo latsopanoli ndi austenite ndipo mipata yake ndi yotakasuka, carbon yense uja amasungunukiramo nkumwazikana paliponse ngati mmene shuga amasowera mu tiyi wotentha. Pa sipiring'i zimafunika mufike cha m'ma 830 mpaka 850 kuti zonse zisinthe. Maginito amasiya kugwira cha m'ma 770, nchifukwa chake madala akuti akasiya muonjezere moto pang'ono.

Tsopano apa ndi pomwe pali nkhani. Pozizira iron imafuna kubwerera ku dongosolo lothina lija, ndipo kuti zitheke bwino carbon amayenera kusamuka, atuluke m'mipata muja akasonkhane ku mizere yake. Kusamukako kumafuna nthawi komanso kutentha. Mukachisiya mu phulusa usiku wonse carbon amayenda mosathamanga, m'mawa mupeza chitsulo chofewa choti mutha kuboola ndi dirilo. Koma mukachiviika, kutentha kumagwa msanga moti carbon sapeza mpata wosuntha, amatsekeredwa pomwe anali. Chikafika cha m'ma 250 pa sipiring'i yanuyo ma atomu a iron amayamba kutembenuka m'magulumagulu, gulu lililonse mwakamphindi, carbon ali mkati momwemo, m'mipata yomwe siimukwana. Dongosolo limatuluka lokhota, lokokeka mbali imodzi, lopanikizika paliponse. Imeneyo ndiye martensite, dzinali linachokera kwa Adolf Martens wa ku Germany yemwe anali m'gulu la oyamba kuunika zitsulo ndi maikulosikopu. Mukaiona pa maikulosikopu imaoneka ngati masingano kapena timasamba tosongoka topingasana.

Nanga kuuma kukuchokera pati? Chitsulo chikamapindika ndiye kuti mizere ya ma atomu ikutsetsereka umodzi pamwamba pa unzake. Ganizirani minibasi yomwe mwakhala atatu pa mpando, ikakhota mumasendera uku ndi uku. Ndiye apanikizemo anayi anayi kuphatikiza matumba pamiyendo, palibe angasunthe olo phazi. Martensite ndi choncho, carbon wotsekeredwa uja watseka njira zonse zotsetserekera, nchifukwa chake tupa imangoterera. Pa muyeso wa kuuma wotchedwa Rockwell C chitsulo cha carbon wambiri chongoviikidwa kumene chimafika 60 mpaka 65. Koma chinthu chosatha kusendera chikamenyedwa sichingachitire mwina, chimasweka. Apa ndi pomwe Chichewa chathu chimatisokoneza pang'ono chifukwa timangoti chitsulo cholimba, pomwe pali zinthu ziwiri zosiyana, kuuma ndi kupirira. Galasi ndi louma koma silipirira. Waya wa mpanda amapirira koma si wouma. Nkhwangwa imafuna zonse ziwiri ndipo kuviika kumangokupatsani chimodzi.

Mpeni wa fulati ba uja carbon ndi wochepa, minibasi yake ndi yopanda anthu, olo muviike m'madzi a mufiriji sungaume zoti nkudulira kanthu. Osataya nawo makala.

Za mng'alu ndi izi. Martensite imatenga malo ambiri kuposa austenite, chitsulo cha carbon wambiri chimafufuma mpaka cha m'ma 4 peresenti posinthapo. Mbali yokuthwa ndi yopyapyala ndiye imazizira koyamba nkuuma gwa, pomwe pakati pokhuthala pakadali potentha. Kenako pakati paja pakafika nthawi yake pamafufuma, pamakankha khungu lomwe lauma kale ndipo silingatanuke. Thi! munamva ija ndi imeneyo, ndipo mwaona nokha kuti inalira madzi atasiya kale kuwira, chifukwa martensite imapangika kumapeto chitsulo chitayamba kuzizira, osati pomwe mwangochilowetsa.

Chifukwa chomwe sipiring'i siifunira madzi nchakuti chromium ndi manganese zimachedwetsa carbon kusamuka. Malo oopsa ndi cha m'ma madigiri 550, pamenepo ndi pomwe pearlite imapangika mwachangu kwambiri, chitsulo cha carbon yekha chimafuna mudutsepo mkati mwa sekondi imodzi, nchifukwa chake china chimafunadi madzi. Cha sipiring'i chimakupatsani masekondi angapo, ndiye oyilo amakwanira ndipo kumapeto kuja amaziziritsa mofatsa, kunja ndi mkati zimasinthira pafupifupi limodzi. Amene anayeza nthawi zimenezi nkuzijambula koyamba ndi akatswiri a zitsulo Davenport ndi Bain ku America mu 1930, ndipo ma chati a mtundu umenewu akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero.

Shuga mukumuona pobenthukapo ndi ma grain. Chitsulo chili ndi timibulu mkati, mukachiotcha mpaka chikasu, madigiri 1000 kupita mtsogolo, timibuluto timamezana nkukula, ndipo timibulu tikuluti mng'alu umadutsa mosavuta. Mankhwala ake ndi osavuta, mukamaliza kusula muotche mpaka maginito asiye kugwira, muchisiye chizizire pa mphepo mpaka chide, mubwereze kawiri kapena katatu musanaviike. Chophikidwa bwino mukachithyola mkati mumaoneka mosalala motuwa, maso sangaone mbulu ndi umodzi womwe.

Kubweza moto komwe anena madala ndi tempering. Mukatenthetsanso pakati pa 200 ndi 300 carbon wina amapeza mphamvu yotuluka nkupanga timadontho ting'onoting'ono ta carbide, yomwe ndi iron yogwirana ndi carbon, kupanikizika kuja kumatsika, mumataya kuuma pang'ono nkupeza kupirira kwambiri. Mitundu ija ndi kachikungu ka oxide, kangati dzimbiri lopyapyala, komwe kamakhuthala ndi kutentha, udzu wouma ndi cha m'ma 220 mpaka 230, pepo cha m'ma 280, buluu cha m'ma 300. Ndipo muzibweza moto tsiku lomwelo chikangozizira, chosabweza chimatha kung'aluka chokha usiku chili pa benchi.

KabazaWaNjinga265

Bwana mjiniya mwafotokoza bwino koma ine apa pa madzi ndikutsutsa pang'ono. Agogo anga kumudzi asula makasu, nkhwangwa ndi zikwanje moyo wawo wonse, sipiring'i zomwezi, ndipo oyilo sanagulepo, amaviika m'madzi mu phale basi nthawi zina amathiramo ndi mchere. Nkhwangwa zawo anthu akutemera mpaka pano. Nde tinene kuti amalakwitsa?

Mjiniya_Mechanical

Ayi samalakwitsa achimwene, koma mukadzapita kumudzi mukaonetsetse manja awo poviikapo. Ndikukhulupirira kuti saponya nkhwangwa yonse nkuisiya mmenemo ngati mmene anachitira mnzathuyu. Osula ambiri akale amangolowetsa kokuthwa kokha, mwina masentimita awiri atatu, amagwedeza, amatulutsa chikadali chotentha, amapala ndi mwala, ndiye moto wotsala kumbuyo kokhuthala kuja umayenda wokha kubwerera kokuthwa, akaona mtundu womwe akufuna nkuviikanso. Pamenepo aviika komanso abweza moto ndi moto umodzi, ndipo thupi la nkhwangwa latsala lofewa lotha kulandira nkhonya. Ndi luso lalikulu ndipo limatenga zaka, komanso ngakhale iwo zina zimawaswekera. Ku Japan osula malupanga amachita zofananako, amamata dongo lokhuthala kumsana kwa lupanga, kokuthwa nkupakako lochepa, nkuviika m'madzi. Kokuthwa kumakhala martensite, kumsana pearlite, ndipo kufufuma kwa kokuthwa kuja kumathandiza kulikhotetsa lupangalo.

Mchere umaonjezera liwiro. Chitsulo chofiira chikalowa m'madzi chimazingidwa ndi nthunzi ngati bulangete, malo ena nthunziyo imachoka msanga ena imachedwa ndiye kuzizira sikufanana. Mchere umaswa bulangete limeneli. Pa chitsulo cha carbon wocheperako zimathandiza, koma pa sipiring'i kwa munthu wongoyamba ine sindingalimbikitse.

MayiMakaniko

Ndilowererepo pa za oyilo chifukwa apa anthu amavulala. Ambiri amathamangira oyilo wakuda wotsitsa mu injini poti ndi waulere, amaumitsa ndithu koma utsi wake ndi woipa, muli zinyalala za mu injini ndipo nthawi zina mumakhala mutalowa petulo kapena madzi. Ngati thumba likulola gulani mafuta ophikira malita 4 kapena 5, a soya kapena mpendadzuwa, mukawasunga bwino muviikira zinthu zambiri. Akhale mu chitini chachitsulo chokhala ndi chivindikiro, osati bigiri ya pulasitiki chonde. Muwatenthetse kaye pang'ono poviikamo kachitsulo kotentha, afike pofunda bwino cha m'ma 50, chifukwa ozizira amakhala olemera sayenda bwino mozungulira chitsulo. Polowetsa mulowetse chonse msanga, mukasiya theka lofiira pamwamba ndi pomwe malawi amabuka, ndipo nkhope ikhale kumbali. Akayaka vindikirani basi, madzi ayi, madzi pa mafuta oyaka amaphulika nkukumwazirani moto. Muziyendetsa chokweza ndi kutsitsa osati cham'mbali, cham'mbali mpeni umakhota.

Komanso inu ndinu owotcherera ndiye nkhaniyi mumakumana nayo tsiku ndi tsiku mosadziwa. Munaonapo munthu atawotcherera sipiring'i yothyoka kapena shafti, nkukathyokanso m'mbali mwenimweni mwa chowotchereracho osati pakati pake? Ndi martensite yomweyi. Rodi imatenthetsa kamalo kakang'ono kudutsa 727, chitsulo chozizira chozungulira chimayamwa motowo msangamsanga ngati mwaviika, ndiye pamatsala kamzere kouma kosweka msanga. Ena amafika pothirapo madzi kuti kasitomala anyamule msanga, apo ndiye kuonjeza. Pa geti ya mild steel sizivuta kwenikweni, koma chitsulo cha carbon wambiri chimafuna kuchitenthetsa kaye musanawotcherere ndi kuchifunditsa mu mchenga wouma kapena phulusa pomaliza. Sipiring'i ya galimoto yonyamula anthu ine ndimakana kuwotcherera, ndimawauza asinthe.

China, sipiring'i ya pa sikirapu inagwira ntchito zaka zambiri m'misewu ya mabampu, ina imabwera ndi timing'alu tosaoneka. Musanasule ipaleni ndi galayinda iyere muione bwino, makamaka pafupi ndi bowo lapakati. Ndipo mukakayika kuti chitsulo ichi chiuma kapena ayi chigunditseni pa galayinda, mild steel imatulutsa nthethe zazitali zowongoka, cha carbon wambiri nthethe zake zimaphulika kumapeto ngati timaluwa.

Wowotcherera_ShediYaKuseri

Ndabweranso akuluakulu, zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kangapo makamaka za minibasi zija ndi pomwe zinandilowa. Dzulo madzulo ndinayesa koma ndinayamba ndi tizidutswa titatu kuchokera ku nkhwangwa yong'aluka ija kuti ndisaononge sipiring'i yotsala. Tonse ndinatiotcha katatu nkumatisiya pa mphepo monga ananenera a mjiniya. Maginito anandidabwitsa, amasiya kugwira chitsulo chikadali chofiira mwakuda, kutali kwambiri ndi chikasu chomwe ndimafikitsa chija.

Koyamba ndinakaviika mu mafuta ophikira osabweza moto, tupa imaterera, nditakamanga pa vaisi nkumenya ndi hamala kanathyoka kamodzi, koma mkati mwasalala motuwa, shuga uja kulibe. Kachiwiri ndinabweza mpaka bulauni, ndamenya kasanu mwamphamvu kosathyoka ndipo tupa ikungodya pang'ono zedi. Kachitatu ndinachedwa kuchotsa kanafika buluu wotuwa, ako kakupindika pang'ono nkubwerera.

Chomwe chandivuta ndi mitundu ija, ikangoyamba imathamanga kwambiri kokuthwa moti pomwe ndikuti ndichotse yadutsa kale. A MdalaWaChipala, inu mumatani kuti iziyenda pang'onopang'ono? Loweruka ndikufuna ndisule nkhwangwa yeniyeni.

MdalaWaChipala

Usaiyandikize ku makala mwachindunji. Tenga chitsulo chokhuthala, chidutswa cha shafti kapena hamala yakutha, uchiotche chifiire, uchiike pansi, ndiye ugoneke kumbuyo kwa nkhwangwa pamenepo kokuthwa kuli panja pa mphepo. Moto uziyenda wokha ngati kamba ndipo mitundu izitambasuka bwino uziiona umodzi umodzi. Mafuta akhale pambali pomwepo, bulauni akangofika kokuthwa viika. Ukatero upalenso ubwereze kachiwiri. Ukamaliza usathamangire bulugamu wouma, yamba kutema mtengo wauwisi, kenako uyendetse chikhadabo kokuthwako umve ngati pali pobenthuka kapena popindika, udzatiuze.